Mgolo wa Amalume Yotamu

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha amalume anga a Yotamu kumanda a kwathu ku Mitundu. Patha chaka chitisiyireni. Abusa analankhula bwino ndithu, anati malemuwo anali munthu wofatsa, ndipo ife amene tinkawadziwa tinangozyolika, chifukwa kufatsa ndiye kunalibe mwa amalume. Anali pulambala, mmisiri wa mapaipi a madzi, wouma mutu, wosachedwa kukalipa. Anamwalira akufunafuna cholakwika pa makina amene anapanga okha osinthira madzi a nsomba zawo. Cholakwikacho panalibe. Ine ndinkadziwa chimene chinapha nsombazo, akazi awo aNabanda ankadziwanso, koma tonse awiri tinawalekerera mpaka kumanda akuganiza kuti anazipha ndi manja awo.

Nsomba ndikunenazi sizinali za padamu kapena za ndiwo ayi. Zinali zachilendo, zofiira psuu, za michira yaitali yopyapyala, ndipo zinkakhala pabalaza m'thanki ya galasi yolowa ndowa zisanu za madzi. Amalume anabwera nazo chaka chimene anapuma ntchito m'tauni. Anawaitana kunyumba ina imene eni ake anali atasamuka, n'kuwauza kuti akhuthule thankiyo, nsombazo azitaye m'ngalande. Iwo anaziika m'ndowa, n'kukwera nazo minibasi mpaka pa Nathenje ndowa ili pamiyendo, akukangana ndi kondakitala njira yonse chifukwa madzi ankakhavukira anthu. Thankiyo inabwera pambuyo pake pa lole yobwerera kokagulitsa fodya, atayikulunga m'ziguduli. Nsombazo zinali zisanu ndi ziwiri, ziwiri zinafa zaka zoyambirira, zisanu zinakhala nawo zaka pafupifupi makumi awiri.

Amalume ankakhala chikamwini kwawo kwa aNabanda, amene ine ndimawatchula azakhali, m'mudzi wina kuseri kwa Nathenje. Ndiye tangoganizani, mkamwini woweta nsomba zosadyedwa, m'mudzi umene usipa amachita kugawana powerenga mitu. Ena ankaseka, ena ankanong'onezana kuti bamboyo anakhwimira nsombazo. Azakhali akamva zimenezo ankangoloza denga lawo lodontha n'kufunsa kuti chuma chokhwimiracho chili kuti. Enanso, achifundo, ankati nsombazo zinalowa m'malo mwa ana, popeza mwana mmodzi yekha amene banjali linaona anamwalira asanayambe kuyenda. Ine zimenezo sindizikhulupirira kwenikweni. Amalume sankazinyengerera nsombazo, sankazipatsa ngakhale mayina, ankati mayina ndi a agalu. Chimene ankakonda chinali kuona chinthu chili moyo chifukwa cha luso lawo, ndipo ankafuna aliyense wolowa m'nyumbamo achione.

Loweruka lililonse m'mawa kunali kusintha madzi, ndipo tsiku limenelo munthu ukafika ndi nkhani, kaya ya maliro, unkayamba wadikira. Madzi atsopano ankayenera kugona m'ndowa kuyambira dzulo lake, pabalaza pomwepo, kuti asakhale ozizira kapena ofunda kuposa a m'thanki. Amalume ankasamba m'manja ndi madzi okha, sopo ayi. Kenaka ankamiza paipi, n'kuyamwa mbali inayo ndi pakamwa mpaka madzi atayamba kutsika okha, n'kumayendetsa paipiyo m'timiyala ta pansi kuti itole ndowe za nsomba. Nthawi zina ankameza madzi aja n'kutsokomola akutukwana. Ankachotsa ndowa ziwiri zokha, osapitirira, n'kuthiramo atsopano pang'onopang'ono kudzera pa sosala kuti timiyala tisavunduke.

Pa ntchito anali ndi mfundo imodzi imene ankatitopetsa nayo. Ankati madzi sanama, amanama ndi mmisiri. Ankati pakadontha usathamangire kunena mwini nyumba kuti wagwiritsa ntchito molakwika, yamba wamasula polumikiza pako. Amisiri anzawo amene ankakonda kunamizira makasitomala ankawatcha akuba ovala ovolosi. Mfundoyo inali yabwino, ndipo ndi yomweyo imene inadzawadya.

Madzi a nsombazo ankatunga ndi azakhali, kumjigo wa kutsidya kwa msewu, kuwonjezera pa madzi akumwa, ophikira ndi osamba. Mkangano wake sunkatha.

"Inu aPhiri," ankatero potula ndowa, powatchula ndi mfunda wawo, "khosi langali lidzathyoka chifukwa cha ndiwo zimene sitidya."

"Ndani wakutumani? Siyani, ndikatunga ndekha."

"Mukatunge, anthu anene kuti ndinakudyetsani mankhwala?"

Mawa lake ankapita kumjigo chimodzimodzi. Azakhali anali ndi pakamwa, mudzi wonse unkadziwa, koma bodza analibe. Akathyola chikho ankanena okha mwini asanafunse. Amalume, amene sankayamikira munthu wamba, anandiuzapo kuti m'zaka zonse za banja lawo mayiyu anawatukwanapo kosawerengeka, koma sanawanamizepo n'kamodzi komwe.

Matenda anawayamba mwakachetechete. Mkodzo unkavuta kutuluka, ndipo iwo ankangoti paipi yakalamba. Kuchipatala chachikulu cha m'tauni anawauza kuti pakufunika opaleshoni, akagonekedwa mwina masabata atatu. Anabwerera kunyumba n'kubisa kapepalako m'bokosi la zipangizo. Zaka ziwiri zinadutsa. Azakhali atatopa anandiimbira foni, ndinakwera njinga yamoto kuchokera ku Mitundu, ndinawapeza amalume atakhala pampando moyang'anana ndi thanki, atatuwa, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira.

"Amalume, kodi mufe chifukwa cha nsomba?"

"Iwe Esitere, masabata atatu madzi osasintha ndidzazipeza zitayandama. Ndisiyire yani? Azakhali akowa akhoza kutsuka thankiyi ndi sopo."

"Ndingatsukedi ndi sopo," anayankha azakhali ali kukhitchini, "n'kuzikazinga pomwepo."

Amalume sanaseke. Anangoti ngati palibe munthu woti n'kumusiyira, ndiye apanga chinthu chosafuna munthu.

Ntchitoyo inawatengera miyezi inayi, akudwala choncho. Zipangizo ankakatenga kwa Che Amidu, bambo wachisilamu amene ali ndi sitolo ya misomali ndi mapaipi pa Nathenje. Awiriwa anali paubwenzi wa zaka zambiri, wa anthu okangana tsiku lililonse: za ndale, za mvula, za amene amadziwa bwino mapaipi pakati pa wogulitsa ndi womanga. Che Amidu ndi amene ankawabweretsera chakudya cha nsomba akapita kukaoda katundu m'tauni, akunyoza kuti nsomba za a Yotamu zimadya bwino kuposa a Yotamu eni ake.

Kuseri kwa nyumba amalume anamanga nsanja ya njerwa yotalika kuposa windo, yokhala ndi masitepe, n'kukhazikapo mgolo wapulasitiki wabuluu. Pansi pa mgolowo anaboola n'kulumikiza paipi yaing'ono imene inkadutsa pakhoma n'kufika pamwamba pa thanki. Kumapeto kwake anaikako kampopi kakang'ono, n'kukapotoza, kukabweza, kukapotozanso masiku angapo, wotchi ili m'manja, mpaka madzi ankadontha ndowa imodzi yokha patsiku. Mbali ina ya thanki anakolekako paipi yopindika imene inkatulutsa madzi akale akangopitirira mzere, n'kukawathira m'kadimba ka mpiru panja. Poopa kuti paipi yotulutsayo ikhoza kutsekeka madzi n'kusefukira pabalaza, anatenga kampira koyandama ka m'thanki ya chimbudzi cha madzi n'kukamangirira kuti kazitseka kampopi madzi akakwera. Mpweya wopumira nsomba unali kale ndi kapampu kake ka sola. Anayesa makinawo mwezi wathunthu osagwira ndowa, nsomba zili bwinobwino, madzi ali mbee.

Sindinawaonepo amalume atakondwa ngati mwezi umenewo. Anthu ankabwera kudzaona madzi odzisintha okha, ndipo iwo ankafotokoza paipi ndi paipi ngakhale kwa amene sanafunse. Che Amidu anatseka sitolo masana n'kubwera panjinga, anazungulira nsanja ija kawiri, n'kunena kuti kampirako anaganiza ndi iwo. Anakangana mpaka tiyi anazizira.

Tsiku lopita kuchipatala, amalume anakana kuti azakhali akawadikirire. Anati apite ndi mlongo wanga, azakhali atsale ndi mgolo. Azakhali zinawapweteka, ndinaona nkhope yawo. Ali pakhomo, chikwama chili m'manja, amalume anapereka lamulo.

"ANabanda, ntchito yanu ndi imodzi. Mgolo usaphwe. Koma kampopi aka musakakhudze, ngakhale nyumba ikupsa."

Zifukwa zake sanafotokoze. Sanali munthu wofotokozera mkazi wake zinthu. Zimene zimapha nsomba ankazidziwa bwino kuchokera m'tauni, kumene madzi a m'mipopi amathiramo mankhwala, koma kumudzi madzi ndi a pamjigo, ndiye anaona ngati kunena zimenezo n'kutaya malovu.

Chinali chaka chija cha kolera, mvula itangoyamba. Patatha sabata amalume ali m'chipatala, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, msuweni wa azakhali, anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, dzuwa lisanalowe anali atapita. Azaumoyo anabwera atavala magolovesi, anakulunga thupi m'pulasitiki, anaika maliro mwamsangamsanga. Analetsa kusambitsa, analetsa kuphika, analetsa kusonkhana pasiwa. M'nyumba iliyonse anasiyamo botolo la klorini, n'kunenetsa kuti madzi alionse akumwa athiridwe mankhwalawo. Koma abale akutali anali atanyamuka kale. Anafika ochokera ku Diamphwe, ena kwathu ku Mitundu, inenso ndinali nawo, ndipo popeza pasiwa panali poletsedwa, onse anakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa azakhali. Munthu wobwera kudzalira sungamubweze, ndipo sungamumane madzi. Madzi ochuluka pakhomopo anali a mumgolo.

Azakhali anakwera masitepe aja botolo lili m'manja, ine ndili pansi ndawagwirira chitenje kuti angapunthwe.

"Mgolo wonsewu ndithire zingati?"

"Thirani lonse, azakhali. Anthuwa ndi ambiri, kuli bwino achuluke kusiyana n'kuchepa."

Anathira. Atatsika anayang'ana paipi ija yolowa pakhoma, n'kuima pang'ono.

"Nanga kampopi kaja?"

"Paja anati musakakhudze."

"Eya. Komanso ndi mankhwala oyeretsa madzi, nsombazo zimwa nawo abwino."

Mawu amenewo, anga ndi awo, ndimawamvabe. Tinatunga madzi pamwamba pa mgolo n'kumwetsa anthu, ndipo makina a amalume anapitiriza ntchito yawo monga anawapangira, tho, tho, tho, osadumphitsa. Tsiku lotsatira nsomba zinali pamwamba pa madzi zikuyasama. Tinaganiza kuti ndi njala, tinazipatsa chakudya, sizinadye. Tsiku lachitatu m'mawa zonse zisanu zinali chagada, zitayera m'mimba. Ndi pamene fungo la madzi a m'thankimo linatiuza chimene tinachita. Azakhali anazivuula ndi manja, anakana kuti nkhuku zizijompha, anakazikwirira m'kadimba ka mpiru. Kenaka anakhuthula mgolo ndi thanki, anatsukuluza katatu, n'kuyenda kumjigo tsiku lonse mpaka zonse zinadzaza. Mwa anthu amene anamwa madzi aja palibe amene anadwala. Ndimadziuza zimenezi kawirikawiri, ndipo n'zoona, koma sizinandipepuzepo mtima.

Amalume anabwera ataonda, akuyenda mopindika, mlongo wanga atawagwira pamkono. Sanalonjere munthu. Analunjika pabalaza, anapeza madzi oyera akudonthera m'thanki yopanda kanthu. Anaima nthawi yaitali. Anaviika chala, ananunkhiza, analawa. Mankhwala aja anali atatheratu.

"ANabanda, munathiramo chiyani mumgolomo?"

"Madzi a pamjigo basi."

"Kampopi munakakhudza?"

"Ayi."

Anatembenukira kwa ine. "Esitere?"

"Ine sindinaone kanthu, amalume."

Tinali titapangana. Mlongo wanga anali atatiuza pafoni kuti munthuyo wafooka kwambiri, tisamukhumudwitse. Azakhali analinso ndi mantha ena: ankadziwa ukali wa amuna awo, ankaopa kuti akamva anyamula bokosi lawo la zipangizo n'kubwerera kwawo ku Mitundu, kukafera kumeneko osalankhulana nawo. Tinati tidzawauza akapeza mphamvu. Mphamvuzo sizinabwere, ndipo bodza lija tsiku lililonse linkalemera kulibweza.

Amalume anakhulupirira. Akanakayika bwanji mkazi amene sanawanamizepo? Anangogwedeza mutu n'kunena kuti ngati si madzi ndiye ndi makina, ndipo makinawo anapanga ndi iwo. Mawa lake anayamba kumasula.

Ankamasula chidutswa chimodzi, n'kuchiviika m'beseni la madzi masiku atatu pamodzi ndi mbululu zimene ankakatola kudambo ndi kachitini, akupumira panjira. Mbululu zikakhala moyo, chidutswacho ankachichonga ndi choko n'kuchiika pawindo. Kampopi anakachonga. Kampira anakachonga. Paipi yaitali anaidula m'zidutswa n'kuyesa chimodzichimodzi. Poyamba anakayikira guluu womatira mapaipi, ndipo tsiku lina anadzikoka mpaka pa Nathenje n'kuponya kachitini ka guluuyo pakauntala ya Che Amidu, anthu akuona.

"Munandigulitsa poizoni."

"A Yotamu, guluu ameneyo ndi yemweyo tinamatira mapaipi a kumzikiti. Ana anga amamwa madzi ake."

"Ndiye mukanandiuza kuti ndi wa anthu, si wa nsomba."

Che Amidu sanabweze ukali. Anati akapita m'tauni akafufuza kumene amagulitsa nsomba zotere, awabweretsere zina.

"Kuti ndizipherenso?" anatero amalume, n'kutuluka.

Guluu uja atamuyesa, mbululu sizinafe. Amalume anamuchonga n'kumuika pawindo, koma kusitolo kuja sanapondekonso. Sanali munthu wodziwa kupepesa. Che Amidu anabwera kumaliro awo ku Mitundu, anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo ine ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Kuchipatala anawalembera tsiku loti akawaonenso. Anakana. Ankati anachokapo kamodzi pakhomopo ndipo anaona zotsatira zake. Miyendo inayamba kutupa, kudya kunachepa, koma beseni la mbululu silinkachoka pakhonde. Azakhali anasiya kukangana nawo. Munthu amene ankayankha liwu lililonse anayamba kungoti chabwino, chabwino, ndipo amalume anandidandaulira kuti mayiyu wayamba kuwachitira ulemu ngati mlendo.

Ndinatsala pang'ono kunena tsiku lina masana, milungu iwiri asanamwalire. Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangeti, kachidutswa ka paipi kali m'manja, akukatembenuza.

"Esitere, khala apa. Ukudziwa nyumba zimene ndamangamo mapaipi? Masukulu, zipatala, nyumba za anthu. Zaka makumi anayi anthu akumwa madzi odutsa m'manja mwangamu." Anatambasula manjawo. "Ngati pano ndinalakwitsa osadziwa, ndipo mpaka lero sindikupaona polakwikapo, kumeneko ndinalakwitsa kangati? Nsomba zinafa ine n'kuziona. Nanga anthu?"

Ndinatsegula pakamwa. Azakhali anali ataima pakhomo la khitchini ndi mbale ya phala, anali atamva zonse. Anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, aliyense akudikira mnzake kuti ayambe. Palibe anayamba.

"Mwatopa, amalume," ndinatero. "Imwani phala."

Ndimachita manyazi ndi mawu amenewo kuposa china chilichonse chimene ndinanenapo.

Mwambo wa chiliza utatha, ndinawaperekeza azakhali kubwerera ku Nathenje. Sindinalowemo m'nyumbamo chichitikire maliro. Bokosi la zipangizo anatenga alongo anga pogawa katundu, sola ndi kapampu anatenganso, mgolo uli kwa ena amene akusungiramo chimanga. Kuseri kwatsala nsanja ya njerwa yokha, masitepe ake okwera popanda kanthu. Bowo la pakhoma azakhali anatsekapo ndi chisononkho poopa makoswe. Thanki palibe anaifuna. Ili pomwepo patebulo lake, youma, timiyala tatuwa ndi fumbi, galasi lili ndi mzere woyera pamene madzi ankalekezera. Mpando wa amalume anaukankhira kukhoma.

Pawindo pali zidutswa zija, zondandalikidwa monga anazisiyira: kampopi, kampira, kachitini ka guluu, mapaipi odulidwa ofanana kutalika, ngakhale waya womangirira. Azakhali amasesa pabalazapo tsiku lililonse, koma pawindopo sapukutapo, akuti choko chingafufutike. Ndinayang'ana chimodzichimodzi kuyambira koyamba mpaka kothera, kufuna kupeza ngakhale chimodzi chimene sanachimalize. Zonse anazichonga.

Azakhali anakhala pansi pamkeka, nsapato za kumanda zili kuphazi.

"Kumapetoku anali atasiya kupita kudambo," anatero. "Anandiuza kuti zidutswa zonse zayera, wolakwa watsala ndi iwo eni."

Ndinakhala nawo pamkekapo.

"Tsiku lomaliza lija anandipepesa, Esitere. Akuti ndakusenzetsani madzi zaka zonsezi, mapeto ake n'kuzipha ndekha." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, akuyang'ana pawindo paja. "Ine ndinangoti ndakukhululukirani."